Buluu na Gilini: masapota amene anatentha mzinda wao

Pa Sondo, pa 18 January m'caka ca 532, asilikali a mfumu Justinian analowa m'bwalo la mipikisano ya magaleta mumzinda wa Constantinople, umene lelo umachedwa Istanbul m'dziko la Turkey. Anaima pa zipata, anasolola malupanga, n'kuyamba kupha khamu la anthu limene linalibe kothawila. Procopius, wolemba mbili amene anali na moyo m'masiku amenewo, anati anthu oposa 30,000 anafa tsiku limenelo. Ambili mwa iwo anali masapota a matimu awili, a Buluu na a Gilini. Kwa zaka zambili magulu awiliwa anali kubayana m'miseu ya mzindawo. Koma mlungu umenewo anali atagwilizana, ndipo anafela pamodzi.

Aliyense amene anakhalapo pa Nkana Stadium kapena pa Arthur Davies tsiku lokumana Nkana na Power Dynamos, adziwa mmene munthu waulemu amasinthila akangovala jezi. N'cimodzimodzi m'mabala a ku Matelo kapena ku Kapata pamene Arsenal iseŵela na Manchester United. Mnzako amene munadya naye nsima masana amakhala mdani madzulo, ndipo kulila kwake kumakukomela. Ambili timaganiza kuti cidani cotele cili na cifukwa cake: iwo ni odzikuza, iwo amagula malefali, iwo ndiwo anayamba. Mbili ya Buluu na Gilini ionetsa kuti cidanico cimabwela coyamba, zifukwa n'kubwela pambuyo. Cimene cimafunika ni mzele cabe wolekanitsa "ife" na "iwo". Mzelewo umatha kusuntha tsiku limodzi, ndipo anthu amphamvu akaudziwa amaugwilitsila nchito.

Mpikisano wa magaleta unali maseŵela okondedwa kwambili mu ufumu wa Roma. Galeta lililonse linali kukokedwa na mahosi anayi, ndipo linali kuzungulila bwalo maulendo 7. Pokhota m'pamene panali ngozi, cifukwa magaleta anali kugundana na kugubuduka, ndipo oyendetsa ambili anafa akali anyamata. Ku Roma kunali matimu anayi odziwika na mitundu ya zovala zao: Ofiila, Oyela, a Buluu na a Gilini. Timu iliyonse inali monga kampani, yokhala na makola a mahosi, oweta, osula mawilo na osamalila ovulala. Mfumu Constantine atapatulila likulu lake latsopano la Constantinople m'caka ca 330, anali atakulitsa bwalo lochedwa Hippodrome, lotalika mamita pafupi-fupi 450. Malo okhalapo mfumu anali olumikizidwa ku nyumba yacifumu, cakuti mfumu inali kungotuluka m'nyumba n'kuonekela kwa anthu. Pofika m'nthawi ya Justinian, Ofiila na Oyela anali atacepa mphamvu. Mzinda unagawika pawili, ndipo gulu lililonse linali na mbali yake yokhalako m'bwalo na atsogoleli oyambitsa mfuu.

Kale kwambili, ca m'ma 100, munthu wina wolemela wa ku Roma dzina lake Pliny Wamng'ono analembela mnzake kalata yodandaula na khalidwe la masapota. Mfundo yake inali yakuti anthuwo sanali kukonda liwilo la mahosi kapena luso la oyendetsa. Anali kukonda nsalu. Iye anaona kuti zovala zitasinthanitsidwa mpikisano uli mkati, khamu lingatembenuke pomwepo n'kuyamba kukuwilila uja linali kumutukwana. Patapita zaka 400, woyendetsa galeta wina wochuka dzina lake Porphyrius anaonetsa kuti Pliny sananame. Anaseŵelela a Buluu, anapita kwa a Gilini, n'kubwelelanso, ndipo magulu onse awili anamuimikila zipilala zaulemu m'bwalo limodzi-modzilo. Miyala iwili imene panaima mafano ake ikali m'nyumba yosungilamo zinthu zakale ku Istanbul. Okonda bola angakumbukile Luís Figo, amene anacoka ku Barcelona kupita ku Real Madrid mu 2000. Atabwela kudzaseŵela pa Camp Nou mu 2002, anthu amene kale anali kumuimbila nyimbo anamuponyela mutu wa nkhumba. Munthuyo anali mmodzi-modzi, miyendo imodzi-modzi. Cinasintha ni jezi.

Ofukula zakale anapezanso umboni wina wa zimene zinali m'mitima ya masapota akale. Ku Carthage na ku Hadrumetum, m'dziko limene lelo ni Tunisia, komanso ku Roma, anafukula timapale twa mtovu tolembedwa matembelelo. Munthu anali kulemba maina a mahosi a timu ina, lililonse payekha, n'kupempha mizimu kuti imange miyendo yao, iwacititse khungu, na kugwetsa woyendetsa pokhota. Kenako anali kupinda kaphaleko n'kukakwilila kumanda kapena pafupi na bwalo. Ife amene tinamvapo za mankhwala okwililidwa pa goli sitingadabwe. Coyenela kuona n'cakuti ambili mwa matembelelo amenewa sapempha kuti timu ya wolembayo ithamange bwino. Amapempha kuti inzake ithyoke. Kugwa kwa mdani kunali kokoma mofanana na kupambana kwa timu yako, mwina kuposa.

Cidanico sicinathele pa timapale. M'caka ca 501, pa cikondwelelo cina ku Constantinople, a Gilini anabisa zida n'kuukila a Buluu m'bwalo la zisudzo, ndipo olemba mbili akuti anthu pafupi-fupi 3,000 anafa, ena obayidwa, ena opondedwa pothawa. Mu 507, ku Antioch, Porphyrius uja anatsogolela a Gilini kukatentha sunagoge wa Ayuda ku Daphne. Procopius anafotokoza masapotawa modabwa. Anaona kuti anali kumenyana osadziwa cimene akumenyanila, ngakhale anali kudziwa kuti akagwidwa adzapita kundende kapena kuphedwa. Cidani cao sicinali kuona ukwati, cibale kapena ubwenzi, ndipo ana a mimba imodzi anali kudana cifukwa ca mitundu ya nsalu. Ngakhale azimayi, amene sanali kupita kukaonelela mipikisano, anali kukangana na amuna awo pa nkhani imeneyi. Iye anaiona monga matenda a mumtima.

Akatswili a mbili yakale anavutika kukhulupilila kuti anthu angaphane cifukwa ca mahosi cabe. Kwa zaka zambili anaphunzitsa kuti a Buluu anali cipani ca olemela na ca cikhulupililo covomelezedwa na boma, pamene a Gilini anali amalonda, osauka na Akhristu a ciphunzitso cina. Koma mu 1976, katswili wina wa ku Britain dzina lake Alan Cameron anatulutsa buku lochedwa Circus Factions, mmene anasanthula umboni wonse n'kupeza kuti sugwilizana na maganizo amenewo. Olemela na osauka anali mbali zonse ziwili. Magulu onse anali kupemphela m'machalichi amodzi-modzi na kukhala m'madela amodzi-modzi. Kwa Cameron, a Buluu na a Gilini anali masapota basi, ndipo ciwawa cao cinali ca anyamata ofuna ulemu pakati pa anzao. Akatswili ena amati iye anacepetsako mbali ya ndale, koma mfundo yake yaikulu inaima: panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa anthu amene anali kuphanawo.

Ngati panalibe kusiyana, nanga cidani cinacokela kuti? Yankho lina linabwela kucokela kwa Henri Tajfel, Myuda wobadwila ku Poland, amene abale ake ambili anaphedwa na a Nazi pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse. Iye anathela moyo wake kufufuza cimene cimapangitsa gulu kudana na linzake. Ali pa yunivesite ya Bristol, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 1971, anasonkhanitsa anyamata a sukulu a zaka 14 na 15. Anawaonetsa zithunzi zojambulidwa na Paul Klee na Wassily Kandinsky, n'kuuza aliyense payekha kuti ali m'gulu la wojambula uyu kapena uyo. Zoona zake n'zakuti anawagawa mwacisawawa. Kenako anawapatsa mwai wogawila anzao tundalama, osadziwa maina ao, kungodziwa gulu lao. Anyamatawo anakondela a gulu lao, ngakhale sanadziwe kuti ni ndani. Codabwitsa kwambili, nthawi zambili anasankha kuti gulu lao lilandile zocepa, malinga lipose linalo, m'malo mwakuti onse alandile zambili. Panalibe mkangano wakale, panalibe malo olimbilana. Dzina la gulu linali lokwanila.

Tajfel na wophunzila wake John Turner anafotokoza kuti mbali ina ya mmene munthu amadzionela imacokela ku magulu amene alimo. Timu ikapambana, iwe umadzimva wamtali, ngakhale sunamenyeko bola. Ikagonja, manyazi amakhala ako. Ndiye cifukwa cake sapota wa timu ina akaseka, umamva monga akuseka iwe, amai ako na komboni yanu yonse. Ndipo cifukwa ulemu wa gulu umayezedwa poyelekezela na gulu lina, mdani woyenela amakhala wapafupi, wofanana nawe. Nkana, imene inayamba mu 1935 pakati pa anthu a pamgodi, na Power Dynamos, imene inayamba mu 1971, zonse n'za mu Kitwe. Kucoka ku Wusakile kupita ku Ndeke si ulendo. Masapota ao amakwela mabasi amodzi, amagula pa Chisokone, amakwatilana. Sapota wa Nkana alibe nthawi yodana na timu ya ku Japan. Amafuna uja adzakumana naye pa nchito pa Mande m'mawa.

Jezi imasinthanso maso. Mu November 1951, mayunivesite a Princeton na Dartmouth ku America anaseŵela mpila wao wa manja umene unali waukali kwambili. Katswili wa Princeton anathyoka mphuno, ndipo woseŵela wina wa Dartmouth anathyoka mwendo. Ofufuza awili, Albert Hastorf na Hadley Cantril, anaonetsa filimu imodzi-modzi ya maseŵelawo kwa ophunzila a masukulu onse awili, n'kuwapempha kuwelenga zolakwa zimene aona. A Princeton anaona zolakwa za Dartmouth zoculuka kuwilikiza kawili kuposa zimene a Dartmouth anaona pa timu yao. Palibe anali kunama. Aliyense anaonadi zimene anakamba. Apa m'pamene pamabadwila "zifukwa" za cidani. Mbali iliyonse imacoka m'bwalo ili na umboni wakuti inalakwilidwa, ndipo caka na caka umboniwo umaunjikana mpaka ana amaulandila monga colowa.

Komabe kunyozana sikupha munthu. Matimu ambili amanyozana zaka makumi popanda malilo. Cimene cinakulitsa moto ku Constantinople cinali dzanja la mfumu. Justinian, asanalowe ufumu mu 527, anali sapota wa Buluu woonekela, ndipo anawagwilitsila nchito polimbitsa mphamvu zake mu ulamulilo wa amalume ake, mfumu Justin. Mkazi wake Theodora anali na cifukwa cake-cake. Atate ake anali oweta zimbalangondo za a Gilini. Atamwalila, nchitoyo inapatsidwa kwa munthu wina, ndipo amai ake anabweletsa ana ao aakazi m'bwalo kudzacondelela khamu. A Gilini anawanyalanyaza, koma a Buluu anapatsa banjalo nchito. Theodora sanaiwale.

Procopius, m'buku lina limene analemba mobisa, anafotokoza zimene zinatsatila. Anyamata a Buluu anayamba kumeta kutsogolo n'kusiya tsitsi lalitali kumbuyo, kuvala malaya a manja aakulu, na kuyenda na mipeni usiku. Anali kulanda anthu zovala na ndalama, kupha adani ao masana, ndipo oweluza anali kuopa kuwagamula. A Gilini, poona kuti khoti si yao, nawonso anatenga mipeni. Tiyenela kukumbukila kuti Procopius anali kudana na Justinian na Theodora, conco anakokomeza zina. Koma olemba ena a nthawiyo avomeleza kuti a Buluu anali kucita zaciwawa modalila citetezo ca kunyumba yacifumu. Ife a m'Zambia, amene tinaonapo makada atavala mitundu ya zipani akulamulila m'masiteshoni na m'misika apolisi akungoyang'ana, tingamvetse msanga. Mnyamata akadziwa kuti covala cake cimamuteteza ku lamulo, mpeni sukhalitsa m'thumba.

Atakhala pampando, Justinian anafuna kubweza galu amene anamasula yekha. Anayamba kulanga magulu onse awili, cakuti a Buluu anamva kuti aponyedwa, pamene a Gilini anali akali na mkwiyo wakale. Panthawi imodzi-modziyo anthu anali kulila na misonkho yokhwima ya nduna yake John wa ku Cappadocia, ndiponso anali kunena kuti Tribonian, mkulu wa zamalamulo, anali kulandila ziphuphu. Kuciyambi kwa January 532, pambuyo pa cipolowe cina, woyang'anila mzinda dzina lake Eudaemon anagamula kuti amuna 7 a magulu onse awili aphedwe. Koma popacika ena mwa iwo, mtengo wopacikilapo unathyoka, ndipo awili anagwa pansi ali amoyo. Mmodzi anali wa Buluu, wina wa Gilini. Amonke a pafupi anawatenga n'kuwaolotsa pa bwato kukawabisa m'chalichi ca Laurentius Woyela. Eudaemon anatumiza asilikali kukazinga chalichico.

Pa Ciwili, pa 13 January, kunali mipikisano ku Hippodrome. Mbali zonse ziwili zinayamba kufuula kwa mfumu kupempha cifundo, aliyense kupemphela munthu wake. Mpikisano woyamba unatha, waciwili, wacitatu, mfumu ili cete. Pa mipikisano 24 ya tsikulo, anacondelela mpaka wa 22. Pamenepo panamveka mfuu imene mzindawo unali usanamvepo, yofunila moyo wautali a Buluu na a Gilini pamodzi. Anasankha liwu limodzi lozindikilana, lakuti "Nika", kutanthauza kuti "pambana", liwu limene masiku onse anali kukuwila oyendetsa magaleta ao. Madzulo amenewo anapita ku likulu la woyang'anila mzinda, anamasula akaidi, n'kuyatsa nyumbayo. Cidani ca mibadwo cinatha m'maola ocepa, cifukwa panapezeka "iwo" watsopano. Amuna awili aja anagwa pa mtengo umodzi, ndipo khamu linaona kuti cingwe sicinafunse mtundu wa malaya.

Moto unayaka masiku asanu. Unanyeketsa cipata cacikulu ca nyumba yacifumu, nyumba ya aphungu, chalichi cacikulu ca Hagia Sophia, na cipatala ca Samson pamodzi na odwala amene anali mkati. Khamu linafuna kuti John, Tribonian na Eudaemon acotsedwe, ndipo Justinian anawacotsa, koma sizinathandize. Pa Sondo m'mawa mfumu inaonekela m'bwalo itanyamula buku la Uthenga Wabwino, n'kulumbila kuti idzakhululukila onse. Ambili anaikuwiza. Kenako khamu linapita kukatenga Hypatius, mphwake wa mfumu yakale Anastasius. Mkazi wake Mary anamugwila akulila kuti asapite, koma anthu anamukoka, anamuveka mkufu wagolide kumutu m'malo mwa cisoti, n'kukamukhazika pa mpando wa mfumu mu Hippodrome. M'nyumba yacifumu munayamba nkhani yothawa pa zombo. Procopius akuti Theodora ndiye anakana, n'kunena kuti kuli bwino kufa ali mfumukazi kuposa kukhala moyo wothawa.

Zimene Justinian anacita pambuyo pake zionetsa kuti anali kuwadziwa bwino masapota ake. Asanatumize malupanga, anatumiza ndalama. Nduna yake Narses inapita mwakabisila kwa atsogoleli ena a Buluu na golide. Posakhalitsa mbali ina ya bwalo inayamba kufuula dzina la Justinian, ndipo khamu linagawikanso pa mzele wakale. Pamenepo akazembe awili, Belisarius na Mundus, analowa na asilikali ao, ambili a mitundu yakunja monga Agoth na Aheruli, amene analibe timu mumzindawo. Anapha osasankha, wa Buluu na wa Gilini, wolakwa na wongoonelela. M'mawa mwake Hypatius na m'bale wake Pompeius anaphedwa, mitembo yao n'kuponyedwa m'nyanja. Mfumu imene inakwela pa msana wa masapota inawagawanitsa na thumba la golide, n'kuwapha m'bwalo lao lomwe.

Kusuntha kwa mzele kumene kunacitika pa 13 January kunayesedwapo m'nthawi yathu. Mu 2005, Mark Levine na anzake a pa yunivesite ya Lancaster ku England anafalitsa zimene anapeza pa masapota a Manchester United. Coyamba anawafunsa mafunso okhudza cikondi cao pa timu yao, n'kuwatuma ku nyumba ina. Panjila, munthu wothamanga anali kugwa dala pamaso pao n'kugwila kakolo monga wavulala. Akavala jezi ya United, pafupi-fupi onse anamuthandiza. Akavala ya Liverpool kapena sikipa wamba, ambili anangopitilila. Ulendo waciwili, masapota ena a United anafunsidwa za ubwino wokhala wokonda bola, osachula timu. Apa wovala jezi ya Liverpool anathandizidwa pafupi-fupi mofanana na wa United, ndipo wa sikipa wamba ndiye anasiyidwa. Mafunso a mphindi zocepa anakulitsa "ife" mpaka mdani analowamo.

Mzinda wa Justinian unaonanso zotele. Mu June 2013, pa zionetselo za ku Gezi Park mu Istanbul, masapota a Beşiktaş, Galatasaray na Fenerbahçe, amene amadziwika na udani woopsa, anayenda pamodzi atavala majezi ao, akuyang'anizana na utsi wokhetsa misozi wa apolisi. Ifenso tili na tsiku lathu. Usiku wa pa 27 April 1993 kuca pa 28, ndeke ya asilikali imene inanyamula timu ya dziko lathu kupita ku Senegal inagwela m'nyanja pafupi na Libreville ku Gabon. Anthu 30 anafa, 18 mwa iwo oseŵela. Munali John Soko na Eston Mulenga a Nkana, Wisdom Chansa na Alex Chola amene anachukila ku Power Dynamos, Efford Chabala wa Mufulira Wanderers, na Godfrey Chitalu amene anamanga dzina ku Kabwe Warriors. Pa malilo a pa Independence Stadium palibe anafunsa mnzake timu imene amasapota. Ndipo pa 12 February 2012, pamene Stoppila Sunzu anagoletsa penoti yomaliza ku Libreville komweko, a Kalampa na a Yellow anakumbatilana m'miseu ya Kitwe.

Mgwilizano wotele sukhalitsa, ndipo n'zosadabwitsa. Ku Constantinople mipikisano inaimitsidwa kwa zaka zingapo, koma pofika m'ma 540 a Buluu na a Gilini anali atayambanso kumenyana, Justinian akali pampando. Mu 602 na mu 610 magulu amenewa analowelelanso pa kugwetsa mafumu. Anazilala pang'ono-pang'ono m'zaka mahandiledi otsatila, pamene mipikisano inacepa ndipo iwo anasanduka oimba na okuwila pa miyambo ya kunyumba yacifumu. Kwathu kuno nakonso, ligi itayambanso pambuyo pa malilo a 1993, kunyozana kunabwelela m'malo mwake. Maseŵela amafuna mdani. Derby ya mu Kitwe yopanda nyimbo zonyozana ingakhale monga ndiwo zopanda mcele, ndipo palibe afuna zimenezo.

Cimene mbili iyi itiphunzitsa ni kusiyanitsa mcele na poizoni. Mkwiyo umene umamva poona jezi ya timu ina ni weniweni, koma suli umboni wakuti wovalayo ni munthu woipa. Iye anabadwila mbali ina ya msewu, kapena amalume ake anamugulila jezi ina ali mwana, monga mmene zinacitikila kwa iwe. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe, ndipo m'bola mawa amabwela Ciwelu ciliconse. Ngozi imayamba pamene lamulo liyamba kuona mitundu, pamene woponya mwala wa mbali ino amangidwa koma wa mbali iyo aperekezedwa kunyumba. Imakula pamene munthu wofuna mpando aona gulu la anyamata ogwilizana, odziwa kuimba pamodzi na kumvela mtsogoleli, n'kuyamba kuwagulila mowa na kuwalipilila basi. Anyamata a Buluu anaganiza kuti mfumu ni sapota mnzao. Anadziwa zoona pa 18 January, zipata zitatsekedwa.

Patapita milungu isanu cabe kucokela pa kuphedwa kwa anthu aja, pa 23 February 532, Justinian anayamba kumanganso Hagia Sophia pa phulusa la chalichi cimene cinapsa. Anaipatulila pa 27 December 537, ndipo ikali ciimile. Alendo mamiliyoni amapita kukaiona caka ciliconse. Pafupi napo pali bwalo lochedwa Sultanahmet, pamene panali Hippodrome, ndipo zipilala zitatu zimene magaleta anali kuzungulila zikalipo. Dzina la mfumu lidziwika, maina a akazembe ake adziwika, ngakhale maina a mahosi ena anatsala pa timapale twa matembelelo. Koma pa anthu 30,000 amene anafela m'bwalo lija, olemba mbili sanavutike kuwelenga kuti a Buluu anali angati ndipo a Gilini anali angati.